Tiyi wa m'mawa ndi nkhani ya kalabu yathu ya pa Santhe

Mlembi wa kalabu: Mwadzuka bwanji nonse. Pepani ndilemba zambiri, amene bandulo yatsala pang'ono mudzawerenge madzulo. Chichokereni ku msonkhano wa Loweruka uja ine tulo sindikupeza bwinobwino, zija anthu amanena zoti soya watigwiritsa fuwa la moto tibwerere ku fodya tonse komanso komiti itule pansi zandikhala pamtima. Lero mmamawa ndinakhala kukhitchini mayi akunyumba akuphika tiyi pa moto wa zitsononkho poti makala akwera, ine nkumangoyang'ana poto uja. Kwa nthawi yaitali madzi amangokhala phee ngati palibe chikuchitika, mwana wathu wamng'ono mpaka anavundukula kawiri nkumati amama moto wachepa. Koma utapisa chala umva kuti afunda. Kenako timathovu pansi pa poto, kenako kaphokoso kaja, kenako mwadzidzidzi bwatabwata. Nde ndimadzifunsa kuti kodi ifeyo sitikufuna kuphula poto madzi atangofunda kumene? Zaka ziwiri zokha chiyambireni kuchepetsa fodya. Ndithandizeni maganizo abale.

NaPhiri wa tiyirumu: Tadzuka a mlembi. Mwalowa mbali yanga imeneyo, ine tiyi ndimaphika tsiku lililonse kuyambira 4 koloko mbandakucha. Chimene mwaonacho nchoona ndipo ndionjezere, kuvundukulavundukula nkomwe kumachedwetsa. Mwana wanuyo mmene amatsegula kuti aone ndi mmene nthunzi imathawa. Ife pakalabu mwezi uliwonse timasintha ganizo, lero soya, mawa tiyese mpendadzuwa, mkuja wina wamva pawailesi za nandolo, chivindikiro sichikhala pa poto ayi

Mwale wa kabaza: Madala ndi ulemu wonse koma ine fanizo limeneli sindikugwirizana nalo. Madzi alibe mwana ku sekondale. Madzi sabwera kwa munthu wa katapila. Inu mukuti tidikire awire koma ife amene tili mu poto mo tikupsa, chaka chatha ndinagulitsa soya wanga kwa mavenda pamtengo wolira chifukwa wogula uja komiti inatilonjeza sanabwere mpaka July, mnzanga amene anakakamira fodya anapita ku okushoni ya fodya ku Chinkhoma nkubwerako ndi malata. Nde mundiuze za timathovu?

Mlembi wa kalabu: Ayi a Mwale lankhulani, nchifukwa chake ndafunsa. Za wogula uja ifenso zinatipweteka.

A Banda aphunzitsi opuma: Mwaswera bwanji nonse. A Mwale afunsa funso lenileni ndipo tisalithawe. Koma ndiyambe ndi madziwo poti ndinaphunzitsa sayansi zaka zambiri. Timaphunzitsa ana kuti madzi amawira pa madigiri 100, koma zimenezo ndi za kumalo otsika ofanana ndi nyanja yamchere. Kuno ku Kasungu tili pamtunda wopitirira mamita 1000, nde athu amawira asanafike pa 100, cha mma 96 umu. Buku ndi lomwelo koma poto wa ku Nsanje ndi poto wa kwa Santhe sawira pamodzimodzi. Chachiwiri chimene anthu ambiri sadziwa, madzi akangoyamba kuwira satenthanso kuposa pamenepo ngakhale musonkhezere mtolo wonse wa nkhuni. Moto woonjezerawo umangowasandutsa nthunzi, poto nkuuma. Ine ndinaziona ndi maso mu 1994 pamene sukulu ya pulaimale inakhala yaulere nthawi ya a Muluzi. Ganizo linali labwino zedi ndipo mpaka lero ndimaliyamikira, ana anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha mma 3 miliyoni mkanthawi kochepa. Koma makalasi anali omwewo, mabuku omwewo, ife aphunzitsi tinapezeka tili pansi pa mtengo ndi khwimbi la ana, boma nkulemba aphunzitsi ena mwachangu osaphunzitsidwa mokwanira. Moto unali waukulu, poto anali wamng'ono. Zotsatira zake tinakhala nazo zaka zambirimbiri, zabwino ndi zowawa zomwe.

Mwale wa kabaza: Nde aphunzitsi mukuvomereza kuti nthawi zina vuto si kudekha koma poto

A Banda aphunzitsi opuma: Kwambiri mwana wanga. Kuona maso a nkhono nkudekha inde, koma kudekha pa moto wozima ndi kugona ndi njala. Funso nlakuti tidziwa bwanji kuti wathuwu ukuyaka kapena unazima kalekale.

NaPhiri wa tiyirumu: Mumapisa chala aphunzitsi, kapena kugwira mmbali mwa poto. Palibe mayi amene amangokhala nkumakhulupirira.

NaBanda msungichuma: Moni nonse, ndinali kuchigayo ndangowerenga pano. Poti mwati tipise chala ine ndinene zimene ndikuona mu buku ndi mmunda mwanga. Tisaiwale kuti chaka chathu choyamba chenichenicho ndi chija cha El Nino, mvula inadula pakati mpaka mu March 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 agwa mu ngozi, ndipo tisanadzale nkomwe mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti feteleza ndi zonse nkukwera nthawi imodzi. Nde ngati ndi tiyi, mphepo inazimitsa moto tili pakati nkuyambiranso kukoleza. Kuweruza soya ndi chaka chimenecho ine ndikuona ngati nkumulakwira. Koma chimene ndaona ine, pamene ndinachotsa soya nkudzalapo chimanga chaka chino chimanga chinabiriwira bwino ndi feteleza wochepa kusiyana ndi mbali ina ija, alangizi amati mizu yake timaphuduphudu tija timasiya chakudya mnthaka makamaka ukathira inokulanti podzala, uja timasakaniza ndi mbewu kuti timaphuduphuduto tichuluke. Zimenezo sizioneka pa sikelo ya venda koma zilipo. Komanso ana anga chaka chino sanajombe kusukulu chifukwa chosoka fodya kapena kuthirira nazale mu October dzuwa lili pamutu. Ine kwa ine madzi afunda ndithu.

Mwale wa kabaza: Zimenezo ndamva mayi. Koma kufunda sikumwedwa

Malume a ku Mulanje: Ndiloleni nane ndiponyepo. Ambiri mukudziwa kuti ine kuno ndinabwera ngati tenanti pa esiteti ya fodya, kwathu kwenikweni ndi kuphiri ndipo ndisanabwere ndinathyolako tiyi. Masamba amene mukuthira mu poto mwanuwo ulendo wake ndi wautali abale. Mtengo wa tiyi ukaudzala umatha zaka ngati zitatu usanayambe kuthyola zenizeni, ndipo pothyola sumangokolopola ayi, timasamba tiwiri ta pamwamba ndi kansonga basi. Akafika ku fakitale amayamba awayanika kuti afote, kenako makina amawadula, kenako amawasiya asinthe mtundu kuchoka kobiriwira kufika kofiirira, akatero nde amawaumitsa ndi moto. Mukaumitsa msanga mtundu usanasinthe si tiyi wakuda amene timamwayu, mukachedwa wawonongeka. Chilichonse chili ndi nthawi yake ndipo sizidumphana. Ife pakalabu tinadumpha. Tinadzala soya tisanapeze pomusunga, tisanagwirizane kuti tigulitsa pamodzi kapena aliyense payekha, tisanapeze wogula wachiwiri oti woyamba akalephera tithawireko. Zili ngati kuthira masamba mmadzi ozizira nkumadabwa kuti bwanji sakukolera. Soya sanalakwe, dongosolo ndi lomwe tinalitembenuza.

Mlembi wa kalabu: Malume apa mwandilasa koma ndi zoona. Ife a komiti tinathamangira mbewu chifukwa ndi imene imaoneka, za nyumba yosungira tinati tidzaona pokolola.

NaPhiri wa tiyirumu: Eeh malume mwanena. Ndipo pali zinthu zina zabwinobwino pazokha koma ukaziphatikiza zimaononga. Ndimu mu tiyi ndi wabwino, mkaka ndi wabwino, koma finyirani ndimu mu tiyi wamkaka muone, amadukadukatu nthawi yomweyo. Ife chaka chomwe tinayamba soya ndi chomwenso tinakweza masheya ku banki mkhonde ndi chomwenso tinayamba kusonkha za mbuzi zopatsirana. Zonse zabwino koma thumba la munthu ndi limodzi, pofika February aliyense anali ndi ngongole zitatu nde soya atangouma anathamangira kwa venda, akanadikira bwanji wogula wa July

Mwale wa kabaza: Apa nde mwanena za ine ndendende mayi. Sikuti ndinkafuna kugulitsa msanga

Achimwene a ku Joni: Moni kumudzi, ndikutsatira ndili pa ntchito kuno ku Johannesburg. Ine funso langa ndi la shuga. Paja shuga ukathira osatakasa amakakhala pansi, oyamba kumwa amati tiyi alibe shuga pomwe womaliza amapeza manyuchi pansi pa kapu. Ine ndimatumiza ndalama ya sheya ya amayi anga mwezi ndi mwezi koma ndikawafunsa kuti kalabu yapindula chani amati sakudziwa, amangomva kuti kunabwera alangizi, kunali maphunziro ku boma, anapita ndi akomiti. Sindikunena kuti wina waba ayi ndisamveke molakwika, koma nzeru ndi mauthenga zikukhala pansi pa kapu. Amayi anga za inokulanti zomwe akunena a NaBanda zi sanazimvepo, anadzala soya wawo mzere umodzi ngati chimanga pomwe ena anauzidwa zodzala mizere iwiri pa mzere. Nde akakolola zochepa nkumati soya ndi wabodza mungawanene?

NaBanda msungichuma: Achimwene mwalankhula mwaulemu ndipo ndavomera. Buku lili poyera aliyense atha kuliona koma nzoona kuti sitinaliwerengepo pagulu chaka chino, timangoti amene akufuna abwere kunyumba. Munthu wamkulu ngati mayi anu sangabwere kudzafunsa buku, aona ngati akundiganizira zoipa. Ndi ife tikuyenera kupita nalo kwa anthu.

Ogogo oNkhoma: Ndalemberedwa ndi mdzukulu wanga, ine maso. Ana inu fodya amene mukumulirayu nayenso sanabwere dzulo. Kale nthawi ya oKamuzu fodya wa bale amalimidwa mma esiteti mokha, munthu wamba sumaloledwa, ife timalima fodya wa chikopa ndi mtedza wa chalimbana. Atatsegula kumayambiriro kwa zaka za mma 1990 kuti aliyense alime bale tinavina, ndalama inalowa mmidzi, njinga, mawailesi, malata. Palibe anatiuza kuti chigafa chilichonse chimadya mitengo, ndi mabalani a fodya wootcha amadya nkhuni zochuluka. Pano mdzukulu wangayu akaphike tiyi akutolera zitsononkho ndi mapesi pamalo pomwe panali thengo la misuku ndi mitondo ine ndili mtsikana. Shuga akasungunuka simungamutolenso mu tiyi. Nde amene mukuti tibwerere ku fodya, bwererani koma dziwani kuti kumene mukubwererako sikuli mmene munakusiyira, mitengo ya chigafa mukagula, feteleza wake ndi uja mukumudziwa, matenanti a masiku ano safuna kulipidwa pakutha pa chaka. Ine sindikuletsa, fodya anandiphunzitsira ana. Ndikungoti njira yobwerera nayo ndi ulendo watsopano.

Mlembi wa kalabu: Zikomo agogo, mawu amenewa tiwasunga.

Mwale wa kabaza: Agogo ndamva ndipo sindingatsutse. Koma ndiloleni ndibwerere pa fanizoli chifukwa pali pena pomwe likundivutabe. Masamba a tiyi sayankha. Ukawaponya mmadzi otentha sangakane, sangapite kwa neba kukafunsa kuti iwe poto wako akutentha bwanji, sanganyanyale. Koma anthu timaona, timayankhulana, timatengera anzathu. Ine nditaona mnzanga wabwera ndi malata mtima unasintha tsiku lomwelo, ndipo ine ndikachoka mu kalabu anyamata ena atatu anditsatira, matumba ogulitsa pamodzi achepa, wogula wamkulu safuna kutumiza lole pa matumba ochepa nde otsalawo nawonso agulitsa kwa venda, chaka chamawa aliyense aziti mwaona kalabu ija yatha. Komanso tonse mdziko muno tikathamangira soya chaka chimodzi mtengo umagwa chifukwa cha ife tomwe, tikathawa tonse umakweranso. Madzi satero. Nde a komiti musamatione ngati masamba inu nkukhala ophika, tonse tili mu poto ndipo tonse tagwira nkhuni

A Banda aphunzitsi opuma: A Mwale apa mwaphunzitsa mphunzitsi. Ndi pomwe fanizo la a mlembi likuthera ndipo ndi bwino kuti mwalionetsa malire ake. Mu poto mukachitika chinthu chimathera momwemo, koma pa anthu chotsatira chimabwerera nkukhala choyambitsa. Kukayika kwa munthu mmodzi kumachepetsa matumba, kuchepa kwa matumba kumabweretsa kukayika kwina. Koma dziwaninso kuti gudumu lomwelo limazungulira mbali inayo. Lole ikangobwera kamodzi pa nthawi yake anthu nkulandira ndalama yooneka pamaso pa anzawo, simudzafunikanso kuitana msonkhano wokopa anthu, adzabwera okha ndi makasu. Nchifukwa chake ine ndikuti chaka chikubwerachi tisayese zinthu khumi, tiyese kuti chinthu chimodzi chokha chitheke poyera.

NaPhiri wa tiyirumu: Ndipo ngakhale pa tiyi pomwepo wophika sali yekha a Mwale. Makasitomala anga ndi amene anandiphunzitsa kuphika. Oyendetsa malole amafuna wakuda bii wokolera masamba, amayi opita ku sikelo amafuna wamkaka wambiri, wina amabwera ndi mbatata yake wina akufuna sikono. Nditayamba ndinkaphika mmene ndimakondera ine anthu nkumasiya theka mu kapu osanena kanthu, ndinaphunzira poyang'ana makapu obwerera. Madzinso amasintha zinthu, masamba a Chombe omwewo ndikaphikira madzi a pa mjigo wina uja wa mchere tiyi amachita kakhungu pamwamba kukoma kwake nkusintha, ndikatunga pa mjigo wa kusukulu amakhala bwino. Nde minda yathunso si imodzi, wina ali kudambo wina ali pa mchenga, sitingauze onse kuti muyezo ndi umodzi. Amene anasiya theka mu kapu chaka chino tiwafunse chifukwa, tisawatche ogalukira

Achimwene a ku Joni: Mayi NaPhiri mukanakhala mu komiti inu

NaPhiri wa tiyirumu: Ayi ine ndi tiyirumu yanga yandikwana achimwene, koma pa msonkhano ndizilankhula. China ndiiwala, mkaka. Madzi ukhoza kuwasiya pamoto nkupita kukasesa koma mkaka ayi, umakhala phee nthawi yonseyi kenako ukangotembenuka kamodzi wasefukira wonse pamoto. Chimachitika nchakuti kakhungu kaja kamatseka pamwamba nthunzi nkusowa potulukira. Msonkhano wa Loweruka uja unali mkaka wosefukira. Anthu anasunga zinthu mumtima chaka chonse popanda powauzira, nde zinatulukira pamodzi mpaka kufika poti komiti ichoke. Ine sindinadabwe ndipo a mlembi musazitengere kumtima kwambiri, si inu amene amakudani, ndi potulukira panalibe.

Mlembi wa kalabu: Mayi mwandipepuza. Ndinabwera ndi fanizo langa ndikuganiza kuti vuto ndi anthu osadekha, pano ndikuona kuti mbali yaikulu ili kwa ife ogwira chivindikiro. Ndiye ndifunse mwachindunji, a Mwale, chingakusungeni mu kalabu chaka chino ndi chani? Nenani zenizeni osati zotisangalatsa.

Mwale wa kabaza: Zitatu. Choyamba musandiletse kulima fodya pang'ono, theka la ekala lokha, ndikhale ndi pothawira. Chachiwiri nthawi yokolola pakhale kandalama ku banki mkhonde koti munthu akapanikizika abwereke nkusiya matumba ake ngati chikole mmalo mopita kwa venda, ine chaka chatha ndikanapeza ya fizi yokha ndikanadikira. Chachitatu tigwirizane tsiku, tinene kuti likafika tsiku lakuti wogula sanabwere aliyense ali ndi ufulu wogulitsa kwake popanda kunenedwa. Kudikira kopanda tsiku ndi komwe kunatipha

NaBanda msungichuma: Chachiwiricho ndi chotheka ngati tingaimitse kaye zosonkha za mbuzi chaka chino nkusunthira tsiku logawana masheya kuti lisagwe ndalama zisanagwire ntchito imeneyi. Koma ndinene poyera, ndalama yake siyokwana aliyense nthawi imodzi, tiyenera kugwirizana kuti oyamba ndi a fizi ndi a matenda. Ndipo posungira matumba pakhale pouma pa mathandala, mtedza makamaka, chuku chikalowa wogula aliyense amaukana ndipo nchoopsa ku thanzi la ana athu omwe.

Malume a ku Mulanje: Chipinda changa chakumbuyo chija chili ndi simenti pansi ndipo sichidontha, ngati gulu livomera mutha kuyamba ndi chimenecho ulere chaka chino. Loko mugule awiri, kiyi wina kwa msungichuma wina kwa munthu amene si wa komiti.

Ogogo oNkhoma: Mdzukulu walembanso. Kiyi winayo apatsidwe mnyamata wa kabazayo.

Mwale wa kabaza: Agogo ngati gulu litero ndilandira

A Banda aphunzitsi opuma: Ine ndidzatenga mbali ya kuphunzitsa. Amene anapita ku maphunziro a alangizi tikhale pansi Lachinayi tilembe zonse pa pepala limodzi mChichewa chomveka, kadzalidwe ka mizere iwiri, inokulanti, ndi kapangidwe ka manyowa a Mbeya aja osakaniza gaga, phulusa, ndowe ndi feteleza pang'ono nkusunga masabata atatu, kenako tigawane midzi tiyende khomo ndi khomo mvula isanagwe. Achimwene a ku Joni, kwa mayi anu ndidzapita ndekha.

Achimwene a ku Joni: Zikomo kwambiri aphunzitsi, ndiwaimbira madzulo ano ndiwauze. Za maloko awiriwo ndigula ine, a NaBanda ndikutumizirani pa foni Lachisanu ndikalandira

Mlembi wa kalabu: Chabwino. Ndikambirana ndi apampando lero kuti tiitane msonkhano wina Loweruka likubwerali 2 koloko pa mtengo wa mango paja, nkhani zikhale buku la ndalama liwerengedwe mokweza, mfundo zitatu za a Mwale, ndi chipinda cha malume. Za komiti kutula pansi zikhalenso pa mndandanda, anthu akafuna kuvota avote, sitizibisa. Amene muli ndi aneba opanda foni chonde auzeni, makamaka aja anatuluka msonkhano usanathe.

NaPhiri wa tiyirumu: Aja anatuluka aja awiri amamwa tiyi kwanga mmawa uliwonse, ndiwauza ndekha mawa. Loweruka ndibwera ndi ketulo yaikulu ija ndi masamba, wina abweretse shuga ndi nkhuni, makapu aliyense atenge yake poti anga ndi 12 okha